Foni inkamuuza kuti wakhoza

Kope lako la genetics lili kuti? Sindikufunsa za manotsi a mnzako amene unawajambula pafoni. Ndikufunsa kope lenileni, la masamba othimbirira, lomwe unalembamo, n'kufufuta, n'kulembanso mpaka pepala kubooka. Ngati wayamba kukanda m'mutu kuti ukumbukire komwe unalisiya, takhala kaye pansi ndikuuze za mng'ono wanga.

Mnyamatayu si mbuli, komanso si mlesi. Fomu 4 anakhoza bwino, anasankhidwa kupita kukoleji, chaka choyamba anadutsa osapunthwa. Chaka chachiwiri ndiye anakumana ndi genetics, phunziro la momwe ana amatengera kwa makolo, kaya ndi anthu, nkhuku kapena chimanga. Tsiku lomwe anauza amayi kuti tsopano akuphunzira za majini, amayi anaika mthiko pansi n'kufunsa ngati fizi yonse ija tikulipirira zoti mwana akaphunzire ziwanda. Tinaseka mpaka misozi.

Mabuku a phunziroli mulaibulale anali ochepa, olimbirana. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi anamuonetsa apu ya makadi ophunzirira: funso kutsogolo, ukadina likutembenuka n'kukuonetsa yankho. Munali kale mulu wa makadi a genetics oposa 1,000, okonzedwa ndi munthu wina kwinakwake, ongofunika bandulo pang'ono kuti uwatsitse. Anawatsitsa. Kuyambira tsiku limenelo foni sinkachoka m'manja: pamzere wa chakudya, mu minibasi, pabedi magetsi atazima. Apuyo inkawerenga masiku amene waphunzira osadumphitsa, ndipo iye ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Masiku 30. Masiku 60. Mayankho 9 mwa 10 alionse olondola. Ine mkulu wake, amene ndimaphunzitsa biology kusekondale ndipo ndinayenera kudziwa bwino, ndinkangomuyamikira n'kumutumizira mayunitsi.

Pa Khirisimasi tinakumana kumudzi. Titadya mpunga wa nkhuku, tili pakhonde, iye anayambitsa kamasewera. Aliyense atulutse lilime, alipinde m'mbali zonse kuti lioneke ngati kangalande. Ana anakondwa nazo. Kamwana ka achemwali athu, ka zaka 4, kanapinda bwinobwino. Achemwali anayesa, zinakanika. Alamu anayesa, zinakanikanso. Mng'ono wanga anawomba m'manja n'kunena kuti, "Aaa, achemwali, apa pali nkhani. Sayansi imati makolo onse awiri akakhala osatha, mwana sangathe."

Iye ankati ndi nthabwala. Alamu sanaseke. Ndinayesa kuzimitsa motowo, ndinati zimenezo n'zabodza, koma mnyamata anatulutsa foni n'kuonetsa khadi, Chingerezi chili ndondondo, ndipo mawu anga anangomveka ngati a munthu wobisira mlongo wake manyazi. Alamu anadzuka n'kunena kuti akukamanga mbuzi. Patapita miyezi, pa mkangano wina wa ndalama ya feteleza, mawu aja anatulukanso m'nyumba ya achemwali, ndipo nkhani inakafika kwa ankhoswe. Akulu aja sananame: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsatira.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, genetics analephera. Anamuuza kuti akalembe mayeso obwereza, aja ophunzira amati sapu. Anandiimbira usiku, mawu akunjenjemera. "Achimwene, sindikumvetsa. Zonse zija ndimazidziwa."

Zonse ndimazidziwa. Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba, chifukwa sanali kunama. Ankakhulupirira ndi mtima wonse. Ndipo iwe amene ukuwerenga, mwina usiku uno udinanso makadi 200 n'kugona ndi chikhulupiriro chomwecho.

Tiyambe ndi chilungamo kwa maapuwa. Njira yomwe amagwiritsa ntchito si yachinyengo. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza zomwe anapeza atadziyesa yekha kuloweza timawu topanda tanthauzo: munthu amaiwala mofulumira m'maola oyambirira, koma akamabwereza motalikitsa masiku, zinthu zimakhazikika. Mu 1972 Sebastian Leitner anafalitsa njira ya mabokosi a makadi, yoti khadi lomwe wakhoza lizibwera patalipatali, lomwe walakwa lizibwera pafupipafupi. Maapu amangochita zomwezo mothandizidwa ndi makina. Quizlet anaiyambitsa ndi Andrew Sutherland mu 2005, ali mwana wa sekondale ku California, pofuna kuloweza mawu a Chifalansa. Anki inatuluka mu 2006, ndipo dzina lakelo ndi mawu a Chijapani otanthauza kuloweza. Yomwe mng'ono wanga anali nayo inali ina, koma zonse n'za mtundu umodzi. Waona komwe zinabadwira? Timawu topanda tanthauzo, mawu a chinenero chachilendo, kuloweza. Pa ntchito imeneyo n'zakupsa. Ukafuna kusunga m'mutu kuti A amagwirana ndi T ndipo G ndi C, kuti ma codon alipo 64 pomwe ma amino acid ndi 20, kuti AUG ndi poyambira pomwe UAA, UAG ndi UGA ndi poimira, khadi likuthandiza kuposa ine.

Koma apu sidziwa ngati zomwe zili pakhadi n'zoona. Imakulowezetsa bodza mwakhama lomwelo lomwe imakulowezetsera choonadi. Apa m'pamene mng'ono wanga anaphonya koyamba, usiku uja anadina batani lotsitsa makadi a munthu wosamudziwa. Sanadzifunse kuti analemba ndani. Mphunzitsi? Wophunzira wa chaka choyamba amene ankakopera pabolodi uku akusinza? Munthu amene naye analephera phunzirolo? Iwe, makadi ali m'foni mwakowo analemba ndani? Ungandiuze buku ndi tsamba lomwe khadi limodzi lokha linachokera?

Khadi la lilime lija lili ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri yoti ikuopse. Bodzalo silinayambe ndi mbuli. Alfred Sturtevant anali katakwe. Mu 1911, akadali wophunzira wa digiri yoyamba pa Columbia University ku New York, m'kachipinda ka Thomas Hunt Morgan kodzaza ndi mabotolo a tintchentche ta pazipatso, anatenga manambala a kaswanidwe ka tintchentcheto n'kupita nawo kunyumba, ndipo usiku umodzi anajambula mapu oyamba osonyeza momwe majini andandalikidwira pa chromosome. Ntchitoyo inasindikizidwa mu 1913. Munthu yemweyo mu 1940 analemba kuti kupinda lilime kukuoneka ngati kumayendera jini imodzi, ngakhale kuti m'mabanja omwe iye anafufuza munali ana ena otha kupinda obadwa kwa makolo osatha. Olemba mabuku a sukulu anatola mfundoyo n'kusiya chenjezo lake, chifukwa inali yokoma kuphunzitsira: kalasi yonse kutulutsa malilime, phunziro latha. Mu 1952 Philip Matlock anayesa mapasa ofanana, aja ochokera m'dzira limodzi amene majini awo ndi amodzimodzi. Mwa magulu 33 a mapasa otere, m'magulu 7 mmodzi ankatha pomwe mnzake sankatha. Jini imodzi ikanakhala yolamula zonse, zimenezi sizikanatheka. Kuwonjezera apo, ana ena amene satha amadzaphunzira akamakula. Mu 1965 mwini wake Sturtevant anavomera poyera kuti ankachita manyazi kuona nkhaniyi ikulembedwabe m'mabuku ngati yotsimikizika. Mwini nkhani anaibweza zaka 60 zapitazo, koma khadi lake likuyendabe m'mafoni, ndipo linafika pakhonde pathu n'kugwedeza banja la mlongo wanga.

Silili lokha. Makadi ambiri amanenabe kuti kaonekedwe ka nsonga ya khutu kamayendera jini imodzi, ndi kuti makolo a maso a buluu sangabereke mwana wa maso abulawuni. Zonsezo si zoona. Mtundu wa maso umayendera majini angapo, akuluakulu ake OCA2 ndi HERC2 pa chromosome 15. Ndipo usaganize kuti chinthu chikabwerezedwa m'malo ambiri ndiye kuti chakhala choona. Mu 1923 Theophilus Painter wa ku Texas anawerenga ma chromosome a munthu n'kupeza 48. Kwa zaka zoposa 30 mabuku ankalemba 48, aphunzitsi ankaphunzitsa 48, ophunzira ankakhoza mayeso ndi 48, mpaka mu 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan ku Lund, m'dziko la Sweden, anasindikiza zomwe anaona atawerenga mosamala: 46. Ngati madokotala a sayansi okhala ndi maikulosikopu patsogolo anatsatirana choncho, nanga iwe ndi chala chako chachikulu pagalasi la foni?

Komabe makadi abodza sindiwo anamugwetsa mayeso. Anali ochepa. Chomwe chinamugwetsa n'chobisika kuposa apo, ndipo ndi pamene ndikufuna utchere khutu, chifukwa chimagwira ngakhale munthu amene makadi ake onse ndi olondola.

Nditapita kukamuona ndinamuuza kuti andifotokozere mafunso a mayeso aja. Limodzi linali la sickle cell, matenda a magazi amene ife kuno sitiwamvera m'mabuku mokha, timawaona m'mawodi a ana. Khadi lake pa nkhaniyi linali loona ndithu: bambo ndi mayi onse akakhala AS, ndiko kuti onyamula jini koma osadwala, mwayi woti mwana akhale SS n'kudwala ndi 1 mwa 4, woti akhale AS ndi 2 mwa 4, woti akhale AA ndi 1 mwa 4. Ankatha kuzinena ngakhale umudzutse pakati pa usiku. Koma funso la mayeso linabwera chonchi: mtsikana wina sadwala, mchimwene wake ndi wodwala sickle cell, makolo awo sadwala. Mwayi woti mtsikanayo ndi wonyamula jini ndi wotani? Mng'ono wanga anaona mawu akuti wonyamula, ubongo unatembenuza khadi, dzanja linalemba theka. Analakwa.

Tenga pensulo pompano, ujambule bokosi la zipinda zinayi: AA, AS, AS, SS. Funso lakuuza kale kuti mtsikanayo sadwala, choncho chipinda cha SS uchikhwatche. Zatsala zingati? Zitatu. Mwa zitatuzo, za AS n'zingati? Ziwiri. Yankho ndi 2 mwa 3. Gawo lachiwiri linafunsa kuti mtsikanayo akakwatiwa ndi mwamuna wodziwika kuti ndi AS, mwayi woti mwana wawo woyamba adwale ndi wotani. Uchulukitse 2 mwa 3 ndi 1 mwa 4, upeza 1 mwa 6. Palibe mfundo yatsopano apa imene mng'ono wanga sankaidziwa. Chomwe analibe ndi dzanja lozolowera kujambula ndi kukhwatcha. Miyezi itatu yathunthu anali asanajambulepo bokosi limodzi.

Ndipo usaone ngati izi n'za malikisi okha. Mwa inu ophunzira genetics lero mutuluka anamwino, madokotala, alangizi a zaulimi, aphunzitsi. Tsiku lina mayi wina, mwana wodwala ali kumbuyo, adzakufunsa kuti, "Ndiye ndikatenganso pakati zikhala bwanji?" Woloweza khadi la 1 mwa 4 amatha kuyankha kuti wodwalayo wabadwa kale, atatu otsatira adzakhala bwino. Ndamvapo yankho limeneli kuchokera pakamwa pa munthu wophunzira, ndipo thupi linachita tsembwe. Mimba iliyonse imayamba payokha, siikumbukira za inzake. Banja lotere likhoza kubereka odwala awiri motsatizana. Likhozanso kubereka ana anayi popanda wodwala ngakhale mmodzi, ndipo ukachulukitsa 3 mwa 4 kanayi upeza 81 mwa 256, kutanthauza pafupifupi banja limodzi mwa atatu alionse otere. Khadi silikuuza zimenezi. Umazipeza wekha ukakhala pansi n'kuwerengetsera. Chimodzimodzi mwana wachialubino wobadwa kwa makolo akuda: jiniyo imachokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, koma m'midzi yathu amene amalozedwa chala ndi mayi yekha. Wophunzira amene sangathe kufotokozera bambo wokwiya zimenezi ndi ndodo pamchenga, digiri yake yathandiza ndani?

Funso lina linali la chimanga. Anapatsidwa chitsononkho chokhala ndi njere za mitundu iwiri, pafupifupi 90 zapepo ndi 70 zoyera, n'kuuzidwa kuti afotokoze majini amene akuchititsa zimenezo. Iye anagwira mutu. Makadi ake ankadziwa nyimbo ziwiri zokha: jini imodzi ndi 3:1, majini awiri ndi 9:3:3:1. Manambala awa sankalowa mu nyimbo iliyonse. Anakakamiza 3:1 n'kulemba kuti kusiyanako n'kwangozi.

Khadi linamupatsa manambala, linamumana chiyambi chake. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anakhala zaka kuyambira 1856 mpaka 1863 akuswanitsa nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe n'kumawerenga njere imodziimodzi. Poona zinthu ziwiri nthawi imodzi, mwa njere 556 anapeza 315, 108, 101 ndi 32. Palibe 9:3:3:1 wolembedwa pamenepo. Munthu ndi amene amagawa manambalawo n'kuona kuti akuyandikira pamenepo, ndipo pali masamu ake, chi-square, oyesera ngati kuyandikirako n'kokwanira. Komanso chiwerengerocho chili ndi malamulo ake: majini awiriwo asakhale oyandikana pa chromosome imodzi, ndipo ina isalowerere ntchito ya inzake. Lamulo limodzi likasweka, manambala amasintha. Cha m'ma 1905 William Bateson, Edith Saunders ndi Reginald Punnett, mwini bokosi lija unajambula, anaswanitsa mitundu iwiri ya maluwa oyera a sweet pea n'kupeza ana onse apepo, ndipo adzukulu anatuluka 9:7. Chifukwa chake n'chakuti utoto umafuna majini onse awiri agwire ntchito. Imodzi ikafa, duwa ndi loyera. Magulu atatu omaliza aja, 3 ndi 3 ndi 1, amaoneka ofanana, ndiye amaphatikizana kukhala 7. Chitsononkho cha pamayeso chija chinali chomwecho: 90 kwa 70 ndi 9:7 wosachita kufunsa. Agalu a mtundu wa Labrador amatuluka 9:3:4, akuda, abulawuni ndi achikasu, pa chifukwa chofananirako. Ukhoza kupanga khadi la 9:7, lina la 9:3:4, lina la 12:3:1, lina la 15:1, n'kuwaloweza onse. Mphunzitsi adzangosintha mbewu n'kukupatsa manambala osayeretsa, ndipo udzagwiranso mutu. Wozolowera bokosi la zipinda 16 saloweza chilichonse mwa izi. Amajambula, n'kuwerenga zipinda zomwe zikufanana.

Panali khadi linanso lomwe linandikwiyitsa: dominant, kumbuyo kwake analemba kuti jini yamphamvu. Mawu awiri, ndipo mwana amachoka pamenepo akuganiza kuti jini yotere ndi yabwino, ndi yofala, ndipo m'kupita kwa nthawi idzameza inzake. Nanga bwanji gulu la magazi la O, lomwe ndi recessive, ndilo lofala kwambiri m'mayiko ambiri? Nanga bwanji chala chachisanu ndi chimodzi, chomwe m'mabanja ambiri chimayenda ngati dominant, sichinadzaze dziko? Chisokonezo chimenechi n'chakale. Punnett atafunsidwa funso lotere anakalitula kwa mnzake wosewera naye kiriketi, katswiri wa masamu G. H. Hardy, amene mu 1908 anasonyeza m'kalata yaifupi kuti jini siichuluka pakati pa anthu chifukwa chongokhala dominant. Chaka chomwecho dokotala wa ku Stuttgart, Wilhelm Weinberg, anapeza zomwezo payekha. Mng'ono wanga anali ndi khadi la lamulo la Hardy ndi Weinberg, zilembo zonse zili m'malo mwake, ndipo anali ndi khadi la jini yamphamvu. Makadi awiri otsutsana anakhala m'mutu umodzi miyezi itatu osakumana. Ndi mmene makadi alili: lililonse limagona m'chipinda chake.

Tsopano tiye kwa iwe. Zizindikiro zinalipo, ine ndinaziona n'kuzilekerera, ndiye ndikufuna uzione wekha nthawi ikadalipo.

Kodi umadziwa yankho usanamalize kuwerenga funso? Usanyade nazo. Ukaona mawu atatu oyamba n'kudziwa kale chomwe chili kumbuyo, ndiye kuti waloweza nkhope ya khadi, osati nkhani yake. Mng'ono wanga ankazindikira makadi ena chifukwa cha chilembo cholakwika chomwe chinali pamzere woyamba. Pa mafunso osankha yankho ankakumbukira kuti lolondola ndi lija lalitali. Pepala la mayeso lilibe chilembo cholakwikacho.

Kodi umatembenuza khadi usanayankhe mokweza, n'kunena mumtima kuti eya, ndimadziwa, kenako n'kudina kuti wakhoza? Ndani akukuchonga pamenepo? Ndiwe wemwe, woweruza mlandu wako, ndipo palibe amene amadzigamula kuti ndi wolakwa pa 11 koloko usiku. Chiwerengero cha 9 mwa 10 chomwe ankanditumizira chija chinali umboni wa chifundo chomwe ankadzichitira.

Nanga masiku osadumphitsa aja, akadzaduka umamva bwanji? Ngati unadzukapo pakati pa usiku n'kudina makadi asanu osavuta kuti chiwerengero chisabwerere pa ziro, dziwa kuti sukuphunziranso genetics. Ukuweta nambala. Opanga maapu amadziwa bwino chomwe chimabweza munthu tsiku ndi tsiku, ndipo chomwe amayeza ndi kubwera kwako, osati kumvetsa kwako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pensulo yako inafupika liti komaliza? Ichi ndiye chizindikiro chachikulu, ndipo sichinama. Genetics ya kukoleji ndi mlongo wake wa masamu. Pali mizere ya mabanja yoti uilondole m'badwo ndi m'badwo, pali mtunda wa pakati pa majini woti uwerengetsere kuchokera ku ana osakanikirana, pali ma chromosome oti uwajambule akusinthana zidutswa pa meiosis. Galasi la foni ndi laling'ono, ndipo opanga makadi amadula chilichonse kuti chikwanepo. Zomwe sizikwana amazisiya, ndipo zosiyidwazo ndi zomwe zimadza pamayeso ndi malikisi 20.

Pali maapu ena tsopano oti umangojambula funso, iwo n'kukupatsa yankho ndi njira yake yonse, ndi ena ocheza nawo ngati munthu. Mng'ono wanga ankathawirako pa ntchito zokachitira kunyumba. Ankawerenga njirayo mzere ndi mzere, mutu ukugwedezeka kuvomereza, n'kumva ngati wamvetsa. Kuonerera amayi akuphika nsima zaka 20 sikunapangitsepo munthu kudziwa kuthyakula. Komanso makina amenewa akalakwa sachita chibwibwi. Amalakwa ndi mawu odekha omwewo amene amanenera zoona, ndipo iwe amene sunayesepo funsolo wekha ulibe choyezera.

Chomaliza, ndipo ichi ndimachikonda: ungathe kufotokoza m'Chichewa? Ndinamufunsa mng'ono wanga funso lomwe mlimi aliyense kwathu amalidziwa ndi maso. N'chifukwa chiyani mbewu ya chimanga cha haibulidi sabwezera, pomwe chaka choyamba inabereka zitsononkho zofanana ngati asilikali? Anayamba kulavula Chingerezi: heterozygous, segregation, F2. Ndinati ayi, ufotokoze ngati ukuuza agogo. Anakhala chete. Chonsecho nkhani yake ndi ya Mendel yomweyo. Mbewu ya m'paketi imachokera kwa makolo osiyana amene anayeretsedwa kwa mibadwo yambiri, choncho mbewuzo zimalandira zofanana, ndipo zofooka za kholo limodzi zimaphimbidwa ndi zabwino za linzake. Ukabzala ana a mbewuzo, majini aja amagawanika mwatsopano, zofooka zobisika zimakumananso ziwiriziwiri, munda umatuluka wina wamtali wina wamfupi, zokolola n'kutsika. Mawu onse a nkhaniyi anali nawo pamakadi. Nkhaniyo analibe. Chingerezi chimabisa umbuli bwino kwambiri, chifukwa mawu aatali amamveka ngati nzeru ngakhale kwa wowalankhula. Chichewa sichikulola zimenezo. Ukafika pomwe sukumvetsa, chimangokuthera pakamwa.

Milungu yomwe inatsala kuti alembe sapu anakhala kwanga. Foni inkagona m'kabati kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamubweretsera mulu wa mapepala akale a kusukulu kwathu, olembedwa mbali imodzi, ndi mapensulo atatu. Masiku oyamba anali owawa. Funso limodzi linkamutengera ola, ndipo ankadandaula kuti pafoni ola lomwelo akanadutsa makadi 300. Ndinamuuza kuti ndi momwemo, ndipo n'chifukwa chake ali pano. Ndinamukakamizanso kupita kwa aphunzitsi ake kukapempha kuona pomwe analakwa, chinthu chomwe semesita yonse sanachitepo chifukwa cha manyazi, ndiponso chifukwa foni inkamuuza kuti palibe chofunsa. Aphunzitsiwo anamulandira bwino, anamupatsa mafunso a zaka zam'mbuyo, n'kumuuza kuti si woyamba kubwera ndi nkhope yodabwa chonchi.

Mulu wa makadi 1,000 uja anaufufuta yekha. Apu anaisiya m'foni, ndipo sindinamuletse. Anayamba kulemba makadi akeake, ochepa, a zinthu zoyeneradi kuloweza, lililonse lokhala ndi dzina la buku ndi tsamba. Lomwe sakanatha kulipezera tsamba silinkalowa. Sapu anakhoza, osati mwapamwamba, koma anakhoza.

Za kumudzi zija sizinathe msanga choncho. Anapita ndi amalume kukapepesa, anagwada, anafotokoza za mapasa 33 aja ndi za mzungu amene anachita manyazi ndi zolemba zake. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, anati zamveka, n'kumupatsa mpando. Koma mpaka lero mng'ono wanga akafika pakhomo paja, alamu amapeza chochita kudimba, ndipo achemwali amamupatsa moni wa mlendo. Kamwana kokha ndi kamene sikadziwa kanthu. Kakamuona akubwera kamathamanga kukamuchingamira panjira, n'kutulutsa lilime, n'kulipinda bwinobwino kuti amalume ake aone.